Wosenzetsa salanda chigubu

Matenda a maganizo akalowa m'nyumba ya ku Kanyama kapena ku George, sapeza munthu ali yekha. Amapeza amayi, agogo, amalume amene amalipira lendi, mlongo amene amagulitsa tomato pamsika, ndi aneba amene amamva zonse chifukwa khoma ndi limodzi. Aliyense amakhala ndi ganizo lake. Wina akuti tipite naye ku chipatala cha Chainama, wina akuti kwa abusa, wina akuti kumudzi ku Katete kuli sing'anga wodziwa. Pa mkangano wonsewu amene safunsidwa kawirikawiri ndi wodwalayo. Amakhala pampando pomwepo, maso ali pansi, nkhani yake ikukambidwa pamwamba pa mutu wake.

Lamulo la Zambia tsopano likuti afunsidwe. Mabanja ambiri akamva zimenezi amakhumudwa, ndipo ine ndimawamvetsa. "Ndiye ife amene timachezera naye usiku, kumusambitsa, kumufunafuna akasowa, tilibe mawu?" Mawu muli nawo, aakulu ndithu, ndipo palibe dokotala wanzeru amene angafune kuchiza munthu popanda inu. Koma ndi mawu a mtundu wake, ndipo malo abwino owamvetsera ndi pampopi.

Pa kiyosiki ya madzi m'komboni, chigubu cha malita 20 chikadzaza chimalemera makilogalamu 20. Mayi amapinda chitenje kupanga nkhata, kenako amayang'ana amene ali pafupi: "Ndisenzetseniko." Wosenzetsa amagwira mbali imodzi, mwini wake mbali inayo, ndipo wosenzetsa wodziwa sathamanga. Amadikira mwini madzi anene kuti "tiyeni". Akakweza nkhata isanakhale bwino, khosi limapweteka ndipo madzi amatayika. Chigubu chikakhazikika pamutu, wosenzetsayo amachotsa manja. Sauza mnzakeyo njira yodutsa, sagamula kuti madziwa ndi ophikira kapena ochapira, ndipo sanganene kuti popeza ndathandiza kukweza, chigubu chasanduka changa. Komabe popanda iye madziwo sakanafika kunyumba.

M'fanizoli, katundu ndi matendawo pamodzi ndi zosankha zonse zimene amabwera nazo: kumwa mankhwala ati, kugona m'chipatala kapena ayi, kuuza ndani. Mwini katundu ndi wodwala. Liwu lija lakuti "tiyeni" ndi limene lamulo limatcha chilolezo. Banja ndi wosenzetsa.

Kale sizinali choncho. Kwa zaka 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la 1949, la Mental Disorders Act, lolembedwa dzikoli likadali Northern Rhodesia. Lamulolo silinkaona munthu wodwala maganizo ngati woti n'kufunsidwa kanthu. Linkamuona ngati vuto loti lichotsedwe pakati pa anthu. Wachibale kapena wapolisi ankapita kwa mejisitireti, n'kutenga chikalata chomutsekera, ndipo munthu ankapezeka ali m'chipatala osanenapo ngakhale liwu limodzi. Chipatala cha Chainama Hills, chimene chinatsegulidwa mu 1962 m'mbali mwa Great East Road, chinakhala malo amene dzina lake lokha limaopsa ana mpaka lero. Mabanja ena anazolowera kusiya wodwala kumeneko osabwereranso. Pansi pa lamulo lija chigubu chinkalandidwa chonse, ndipo mwini wake ankabwerera chimanjamanja.

Amene anayamba kuligwedeza ndi anthu amene matendawa anawakhudza iwo eni. Mu 2017 a Gordon Maddox Mwewa, a Sylvester Katontoka amene anayambitsa bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, ndi mnzawo wachitatu anatengera boma ku High Court. Khoti silinagwetse lamulo lonse, koma linachotsa gawo 5, limene linkagawa odwala m'magulu ndi mayina onyoza, ndipo linanena kuti odwala maganizo ayenera kusamalidwa mwaumunthu m'zipatala zonse. Nthawiyo n'kuti Zambia itavomereza kale mu 2010 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndiponso itakhazikitsa Persons with Disabilities Act mu 2012. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inafafaniza lamulo la 1949 n'kuika Mental Health Act, lamulo nambala 6 la chakacho. Lamulo latsopanoli linakhazikitsa National Mental Health Council, limaletsa tsankho ndi mayina onyoza, limateteza chinsinsi cha wodwala, ndipo limayambira pa mfundo yakuti munthu wodwala maganizo ali ndi mphamvu yodzisankhira pamaso pa lamulo.

Chilolezo si kudinda chala papepala limene sunalimve. Munthu wamkulu akafika ku chipatala cha Matero kapena cha Chawama, ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chimene amamva kuti dokotala waona chiyani, mankhwalawo agwira ntchito yanji, ndipo angabweretse mavuto otani. Apa ndipamene ambiri amapunthwa. Mankhwala akale amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala za boma, monga chlorpromazine, haloperidol ndi jekeseni wa fluphenazine amene amabayidwa pakapita milungu ingapo, amathandizadi kuletsa mawu amene munthu amamva yekha ndi mantha opanda chifukwa. Koma angathenso kuumitsa khosi ndi lilime, kunjenjemeretsa manja, kudonthetsa malovu, ndi kugonetsa munthu masana. Mnyamata amene sanauzidwe zimenezi akaona khosi lake lapindika amaganiza kuti akumupha, ndipo kuyambira tsiku limenelo mapiritsi amathera kuchimbudzi. Amene anauzidwa amabwerera kukiliniki, amapatsidwa mankhwala othetsa kuumako kapena amawachepetsera mlingo, ndipo amapitiriza. Nkhata ikakhala bwino munthu amayenda mtunda wautali.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi chizolowezi chofala chosinja mapiritsi n'kuwabisa m'phala kapena m'tiyi. Amene amachita izi ndi amayi otopa, amene ayesa kuchonderera mpaka mawu kutha. Koma taganizani za munthu amene matenda ake akumuuza kale kuti anthu akufuna kumuthira chiphe. Tsiku limene adzamve kuwawa m'phalamo, matenda aja adzakhala atapeza umboni, ndipo adzakana chakudya cha m'nyumbamo chonse. Ngati wodwala akukana mankhwala, nkhaniyo ibwerere kwa anesi kapena kwa dokotala, akambirane naye za jekeseni, za mankhwala ena, kapena za chimene chikumuopsa.

Nkhani ya chinsinsi imapwetekanso mabanja. Bambo amene walipira minibasi ziwiri kuchokera ku George, wadikira pamzere kuyambira m'mawa, amauzidwa kuti, "Bambo, tadikirani panja pang'ono." Amamva ngati wachotsedwa ulemu. Koma mwana wawo wa zaka 25 ali ndi zinthu zimene sanganene atate ake ali pomwepo: chamba chimene wakhala akusuta, ngongole imene yamupanikiza, maganizo ofuna kudzipha. Dokotala akapanda kumva zimenezi amachiza matenda olakwika. Ndipo pali chinthu chimene mabanja ambiri sachidziwa. Chinsinsi chimamanga pakamwa pa dokotala, sichimanga pakamwa panu. Inu mukhoza kumuuza dokotala zonse zimene mwaona, ndipo iye amazifuna kwambiri: tsiku limene munthu anasiya kugona, zimene amalankhula yekha usiku, ngati anayamba wakomoka ngati wa khunyu, ngati anadwala malungo kapena anavulala m'mutu, ngati m'banjamo munali wina amene anadwalapo chonchi. Pa matenda a maganizo ambiri palibe kuyeza magazi kumene kumatchula dzina la matenda. Mbiri imene abale amabweretsa ndiyo imatsegula maso a dokotala.

Lamulo la 2019 linatsegula khomo lina limene ndikanakonda likanalengezedwa m'matchalitchi ndi m'misika. Munthu akakhala bwino, mutu uli m'malo, akhoza kusankhiratu munthu womuimira, amene lamulo limamutcha supporter, ndi kunena pasadakhale zimene akufuna zidzachitike akadzadwalanso. Matenda ambiri a maganizo amabwera n'kupita. Mayi amene anasokonezeka atangobereka, n'kuchira, amadziwa yekha kuti zikayamba amasiya kugona ndipo amayamba kukayikira aliyense. Iye angathe kunena kuti: zikadzayambanso mundiitanire achemwali anga a ku Kalingalinga, osati apongozi, mankhwala akuti anandivutitsa, ana anga akakhale kwa akuti. Kumeneku n'kusankha wokusenzetsa usanafike pampopi. Amene amaudziwa mtima wako amakweza pa nthawi yake. Ngati munthu sanasankhe ndipo wafika poti sangathe kumvetsa zimene akuuzidwa, lamulo limalola khoti kumusankhira womuimira.

Pamenepa lamuloli lili ndi bala, ndipo omenyera ufulu wa anthu olumala analiloza lamulo litangotuluka. Gawo 4 limapereka mphamvu yodzisankhira ndi dzanja limodzi, kenako limanena kuti amene matenda amuchotsera nzeru zomvetsa zinthu alibenso mphamvuyo pamaso pa lamulo. Pangano la United Nations lija, m'gawo 12, limafuna kuti munthu athandizidwe kusankha, osati kusankhiridwa. Wina angaone ngati ndi mkangano wa maloya okhaokha, koma ife amene tinaona amasiye akulandidwa nyumba ndi mipando maliro asanathe tikudziwa kumene zimathera. Munthu ali ndi kanyumba ku Matero kamene amalandirirako lendi, kapena ndalama zake za penshoni za NAPSA zatsala pang'ono kutuluka. Wachibale wadyera amangofunika kunena kuti "mutu wake suyenda", ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene mwini nyumba anganene chimaoneka ngati matenda. Kulephera kumvetsa nkhani imodzi lero sikutanthauza kulephera kumvetsa nkhani zonse moyo wonse. Munthu angasokonezeke mwezi uno, mwezi wamawa n'kuwerengera bwinobwino ndalama za lendi. Gawo limeneli liyenera kukonzedwa, ndipo kufikira litakonzedwa, womuimira aliyense adzifunse ngati akunena zofuna za wodwalayo kapena zake.

Nanga zikavuta mwadzidzidzi? Nthawi ya dzinja ku Kanyama, madzi atasefukira m'njira, mnzako akaterereka ndi chigubu pamutu sufunsa chilolezo. Umagwira chigubu, umagwira munthu. Lamulo nalonso limadziwa zimenezi. Munthu akafika poika moyo wake kapena wa ena pachiswe, watenga mpeni, wamwa mankhwala a makoswe, akufuna kudziponya pamsewu, akhoza kugonekedwa ndi kuthandizidwa ngakhale akukana. Amene amagamula ndi ogwira ntchito zachipatala atamuyeza, motsata njira zimene lamulo linaika, osati msonkhano wa banja wokha. Ndipo mnzako akadzuka, miyendo italimba, umamubwezera chigubu chake. Kugonekedwa mokakamizidwa ndi kwa nthawi ya ngozi. Ngozi ikapita, munthu ayambenso kufunsidwa.

Fanizoli lili ndi malire ake, ndipo amene anasamalirapo wodwala amawadziwa. Wa pampopi amadziwa kuti chigubu n'cholemera ndipo amapempha yekha. Matenda ena amamutsimikizira munthu kuti iye ali bwinobwino, odwala ndi enawo. Banja limakhala miyezi likuona mwana wawo akuwonda, akuyenda usiku, akutola zinyalala, koma sanafike pa ngozi imene ingamugonetse m'chipatala mokakamiza. Nyengo imeneyi ndi yowawa kuposa zonse, ndipo palibe ndime ya lamulo imene imaifewetsa. Chimene chimathandiza ndi kupita inu eni kukiliniki kukafunsa nzeru ngakhale wodwalayo wakana kupita, kupeza munthu mmodzi amene iye amamukhulupirirabe, ndi kuyambira pa chimene iye akuvomera kuti chikumuvuta, kaya ndi kusowa tulo kapena mutu.

M'nyengo yomweyi ndi mmene unyolo umalowera. Mu 2014 bungwe la Mental Disability Advocacy Centre pamodzi ndi Mental Health Users Network of Zambia anatulutsa lipoti limene linaonetsa odwala akumangidwa m'nyumba, kwa asing'anga ndi m'zipatala. Kumanga munthu pamtengo kapena kumutsekera m'kachipinda kamdima ndi nkhanza, ndipo palibe chilolezo cha kholo kapena cha m'busa chimene chingakuyeretse. Koma sindingaloze chala mayi wa ku Chawama amene ayenera kukhala pa Soweto Market m'bandakucha kukaoda ndiwo, m'nyumba mwatsala mwana wamkulu wodwala ndi adzukulu awiri ang'onoang'ono. Iye amamanga chifukwa palibe wina womugwirira mbali inayo. Boma likamauza mabanja kuti musamange, liyenera kuonetsetsa kuti ku Mtendere, ku Kalingalinga ndi ku George kuli nesi wodziwa za matenda a maganizo, kuti mankhwala sakutha pashelefu, ndi kuti wina amayendera wodwala kunyumba. Wosenzetsa nayenso amatopa.

Tsopano za ana, pamene nkhani ya chilolezo cha makolo yagona. Kamwana ka zaka zisanu kakatsatira amake kumpopi kamapatsidwa kabotolo. Madzi enieni amasenza ndi amake. Wa zaka 10 amapatsidwa kachigubu ka malita asanu. Wa zaka 16 amasenza chachikulu, ndipo mayi amene angamulande n'kumubwezera kabotolo amulakwira. Palibe tsiku limodzi limene mwana amadzuka ali wamkulu. Katundu amawonjezedwa pang'onopang'ono, kholo likuyang'ana khosi.

M'zipatala zathu mwana amavomerezedwa ndi kholo kapena womulera, ndipo pa mwana wamng'ono palibe angatsutse. Children's Code Act ya 2022 imapatsa makolo udindo umenewu, koma imaikanso mfundo ziwiri pamwamba pake: chilichonse chichitike poganizira ubwino wa mwanayo, ndipo mwana amene angathe kunena maganizo ake amvedwe molingana ndi msinkhu wake. Siginecha ya kholo ndi udindo wosamalira. Vuto lili pa achinyamata, chifukwa malamulo athu amatchula zaka zosiyanasiyana. Chitupa cha NRC munthu amatenga ali ndi zaka 16. Kuyezetsa HIV payekha amaloledwa ali ndi zaka 16. Kuvota ndi zaka 18. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, ananena kuti wa zaka 18 akadali mwana, ndipo wamkulu amayambira pa 19. Ndiye tinene kuti mtsikana wa zaka 16 wa ku Mtendere wasiya kudya, sakugona, akulira yekha, ndipo walimba mtima kupita kukiliniki. Akauzidwa kuti "pita ukabwere ndi amako", kawirikawiri sabweranso. Bungwe la World Health Organization limati mwa achinyamata a zaka 10 mpaka 19, mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse ali ndi vuto la maganizo, ndipo theka la matendawa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Msinkhu umene matenda amayambira ndi womwewo umene khomo la chipatala limafuna kiyi wa munthu wina.

Mayiko ena analimbana nalo funsoli. Ku England, pa mlandu wa Gillick wa 1985, oweruza a House of Lords anagamula kuti mwana wosakwana zaka 16 angavomere yekha chithandizo ngati akumvetsa bwino chimene akuvomera. Ku South Africa, Children's Act ya 2005 imalola mwana woposa zaka 12 amene ali wokhwima nzeru kuvomera yekha chithandizo cha mankhwala, ngakhale kuti pa opaleshoni pamafunikabe kholo. Sindikunena kuti titengere zaka zawo. Ndikunena kuti iwo anakhala pansi n'kugamula, ndipo nesi wa kumeneko amadziwa poima. Ganizo langa ndi lakuti wachinyamata amene timamukhulupirira kuti angalandire yekha zotsatira za HIV timukhulupirirenso kuti angakhale pansi ndi mlangizi n'kunena zakukhosi popanda kalata ya kholo. Mankhwala amphamvu ndi kugonekedwa m'chipatala ndi nkhani ina. Pamenepo munthu wamkulu womukonda akhalepo. Ndipo mlangizi wabwino sabisa mwana kwa makolo mpaka kalekale. Amagwira naye ntchito mpaka mwanayo atasankha wamkulu woti amuuze ndi mawu oyambira. Moyo ukakhala pangozi, chinsinsi chimatha, ndipo mwanayo auzidwe zimenezi pachiyambi pomwe.

Palinso funso lakuti kholo ndi ndani. Mapepala a kuchipatala amaganiza za nyumba ya bambo, mayi ndi ana. M'makomboni ana ambiri akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena mkulu wawo, makolo atamwalira kapena atapita kukafuna ntchito ku Copperbelt ndi ku Johannesburg. Agogowo alibe chikalata cha khoti, koma ndi amene amadziwa kuti mwanayo anayamba liti kukodza pogona ndi kudzidzimuka usiku. Kwa Achewa ndi Ansenga palinso amalume, eni mbumba, amene pa mwambo nkhani yaikulu siingathe iwo asanamve. Zimachitika kuti amayi avomera, koma akuti tidikire achimwene abwere kuchokera ku Petauke, ndipo milungu ikupita mwana akuipiraipira. Amalume alemekezedwe, aimbiridwe foni, auzidwe zonse. Koma mwana amene walankhula zodzipha sadikira basi ya mawa. Amene akumulera tsiku ndi tsiku apite naye lero, ndipo ngati pali kukayika za amene ayenera kusaina, a Social Welfare alipo kuti athandize.

Chovuta kwambiri ndi pamene wosenzetsayo ndiye amene akukankha. Ana ena amadwala maganizo chifukwa cha zimene zikuchitika m'nyumba momwemo: kumenyedwa, kugwiriridwa ndi bambo wowapeza, kuona amayi awo akupondedwa usiku uliwonse ndi munthu woledzera kachasu. Kufuna chilolezo cha munthu ameneyo ndi kumupatsa mphamvu yotseka pakamwa pa mwana. Makolo ena sachita nkhanza, koma amakana chipatala chifukwa akhulupirira kuti ndi ziwanda kapena ufiti, ndipo mwana amasalitsidwa kudya masiku angapo pa mapemphero. Pemphero ndi chipatala sizidana, ndipo abusa ambiri anzeru amatumiza okha anthu kukiliniki. Koma mphamvu ya kholo imathera pamene ubwino wa mwana wayamba kuwonongeka. Zikafika apo, mphunzitsi, mneba kapena mlangizi wa kutchalitchi ali ndi kopita: a Social Welfare, a Victim Support Unit kupolisi, ndi khoti limene lingaike mwana m'manja otetezeka. Dziwaninso kuti m'Zambia kuyesa kudzipha si mlandu. Lamulo la Suicide Act la 1967 linachotsa zimenezo. Musabise mwana amene wamwa chiphe poopa apolisi.

Zonsezi zisamveke ngati banja ndi chopinga. Umboni wochokera m'makomboni a Lusaka momwemuno ukuonetsa zosiyana. Akatswiri a ku Johns Hopkins University pamodzi ndi anzawo a kuno anaphunzitsa alangizi wamba, anthu a m'deralo, njira yothandizira ana amene anakumana ndi zoopsa, njira imene imalowetsamo womulera mwanayo pamene alipo. Pa kafukufuku wa ana 257 a zaka 5 mpaka 18 amene anasindikizidwa mu 2015, zizindikiro za mantha ndi kuvutika mumtima zinatsika ndi pafupifupi 82 pa 100 mwa ana amene analandira uphunguwo, pamene mwa amene sanaulandire zinatsika ndi 21 pa 100. Kafukufuku wina wa mabanja 248 a m'makomboni a Lusaka, wosindikizidwa mu 2020, anathandiza mkazi ndi mwamuna wake aliyense payekha pa nthawi imodzi, ndipo nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa mwauchidakwa zinatsika moti oyang'anira kafukufukuyo anamuimitsa msanga kuti mabanja otsalawo alandirenso thandizolo. Banja likaphunzitsidwa pogwira, limachiza.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu pempho langa ndi lakuti munene momveka msinkhu umene wachinyamata angalandire uphungu payekha, muzindikire agogo ndi azakhali amene akulera ana popanda mapepala, ndipo mubwerere ku gawo 4.

Kwa inu amayi, abambo ndi agogo amene muli ndi wodwala m'nyumba: musadikire kuti zifike pa Chainama. Yambirani pakiliniki ya kwanu kapena ku chipatala cha Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje kapena Chipata. Musananyamuke muuzeni kumene mukupita ndi chifukwa chake, osamunamiza kuti mukupita kutauni. Mukafika, musiyeni ayambe kulankhula yekha, inu muwonjezere zimene waiwala. Akakupemphani kutuluka, tulukani ndi mtima woyera, ndipo pobwerera funsani dzina la mankhwala, mavuto ake ndi tsiku lobweranso. Akachira, khalani naye pansi mumufunse amene akufuna kuti adzamuimire zikadzavutanso. Ngati usiku wakula ndipo mulibe woti mulankhule naye, nambala ya Childline ya ana ndi 116, ya Lifeline ya akuluakulu ndi 933, ndipo zonse ziwiri ndi zaulere.